Makina Odikira Mlendo

Aliyense amene anaphunzirapo pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno amawadziwa a Timoteyo. Ndi aja amamenya belu, limu ya lole yomwe inapachikidwa pamtengo kuseri kwa ofesi. Amatchetcha udzu, amasesa, amakonza madesiki ogwedera, ndipo makiyi a zipinda zonse amakhala m'thumba la ovolosi yawo. Ine ndimawadziwa chifukwa ndimagulitsa zitumbuwa ndi chinangwa chophika pafupi ndi geti. Ndakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi, chimwalirireni bambo a Lonjezo. Ukakhalitsa malo amodzi anthu amasiya kukuona, koma iwe umaona zambiri.

Chimene ana ambiri sadziwa n'chakuti a Timoteyo ndi telala. Kwawo ndi mbali ya ku Mavwere. Sukulu analekera Sitandade 6, kenaka anawoloka kupita ku Chipata kukafuna ganyu. Kumeneko anaphunzira kusoka kwa mkulu wina wa pakhonde la sitolo, yemwe anali ndi kaphunzitsidwe kakekake. Mwezi woyamba unali wongopalasa makina opanda singano, mpaka mapazi azolowere kuti gudumu lisamabwerere m'mbuyo. Mwezi wachiwiri ankakuikira singano yopanda ulusi n'kukupatsa pepala la thumba la simenti kuti uziboola mizere yowongoka. Ulusi unkabwera mwezi wachitatu, komabe papepala. Nsalu a Timoteyo anaikhudza mwezi wachinayi, ndipo amati tsiku limenelo anaigwira ngati awapatsa khanda la eni.

Atabwerera kuno anasoka pa Kamwendo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mayunifolomu a ana, madiresi a kwaya, masuti a alimi a fodya akagulitsa bwino, zonse zinkadutsa pa makina awo. Diresi lomwe ndinavala pa ukwati wanga ku Ludzi anasoka ndi iwo. Kenaka kaunjika anachuluka, ntchito n'kutsala yopinda ndi yoika zigamba. Akazi awo atadwala matenda aatali, anagulitsa makina aja. Mayiwo anachira, koma makina sanabwerere. Anzawo a pakhonde ankawaitana kuti azikathandizako, iwo ankakana. Ankati pa makina a mwini mapazi amachita manyazi. Ntchito ya pasukulu itapezeka anaitenga, ndipo m'mawa uliwonse amapalasa njinga kuchokera kumudzi kwa akazi awo, komwe amakhala chikamwini.

Zaka zitatu zapitazo a hedi anaitanitsa makolo. Anatiuza kuti kaphunziridwe ka kusekondale kakusintha. Mwana akafika Fomu 3 azisankha njira yake, ena za sayansi, ena zina, ndipo sukulu yathu iyambitsa phunziro la kusoka.

"Cholinga chake n'chakuti mwana akamaliza Fomu 4, kaya wakhoza kaya zamukanika, atuluke ndi kanthu m'manja," anatero a hedi.

Makolo anawomba m'manja, nane ndinawomba kuchokera pansi pa mtima. Ine ndinalekera Fomu 2. Mpaka lero nditha kutchula mitsinje ya maiko omwe sindidzafikako, ndi ziwalo zonse za dzombe, koma tsiku lomwe ndinatsala ndekha ndi ana atatu palibe mtsinje ndi umodzi womwe unanditungira madzi. A Timoteyo anamva mawu a a hediwo ataima kumbuyo, akudikira kubweza mabenchi m'makalasi.

Chaka chimenecho mwana wa mlongo wawo, dzina lake Sheila, ankalowa Fomu 3. Mayi ake, a Keziya, amalima mtedza ndipo akulera okha ana asanu. Bambo a anawo anapita ku Joni ndipo anasiya kalekale kuyimba foni. M'kalasi Sheila sankapita patali, Sitandade 8 anabwereza kawiri. Koma anali ndi manja abwino. Siketi ya mnzake ikang'ambika pa buleki, ankaisoka ndi singano ya m'manja ataimirira pafupi ndi beseni langa, ndipo sukanadziwa pomwe panang'ambika.

A Keziya anali atagwirizana kale ndi mayi wina wa bizinesi wa ku Chipata, yemwe ankafuna mtsikana wogwira ntchito m'nyumba. Ankati Fomu 2 yakwana, mwanayo apite akathandize ang'ono ake. A Timoteyo atamva za kusoka zija anapita kwa mlongo wawo Lamulungu lotsatira. Anati mwanayo adikire zaka ziwiri zokha, adzatuluka telala wa satifiketi, osati wa pakhonde ngati iwo. Pafomu yosankhira maphunziro anasayina ndi iwo monga malume. A Keziya analolera, koma mtima wawo sunalole.

Makina anafika mu Okutobala pa lole ya bungwe lina la ku Lilongwe. Anali asanu ndi atatu, opalasa ndi mapazi, onse okulungidwa m'pulasitiki yokhuthala n'kumangidwa ndi zingwe. A Timoteyo ndi amene anawatsitsa. Ndinawaona akunyamula monga momwe timanyamulira mtsuko wodzaza, osafuna kuti mwendo wa makina ukhudze khoma. Amene anabwera ndi loleyo ananena kuti pasapezeke wotsegula mpaka tsiku la mwambo wopereka. Kudzabwera mlendo wolemekezeka, adzadula liboni, adzajambula zithunzi, kenaka ana ayambe. A hedi anasayina pepala. Makina analowa m'chipinda cha kumapeto, ndipo kiyi anapatsidwa a Timoteyo kuti azisesamo Lachisanu lililonse.

Mwambo unayenera kuchitika mu Novembala. Atsikana anakonzekera chimtali, anyamata mganda, wina analoweza ndakatulo yothokoza. Kutatsala masiku awiri kunabwera uthenga woti mlendo ali ndi maliro. Anasinthira mu Febuluwale, koma mvula inadula msewu wolowera kusukulu. Kuchokera pamenepo kunangoti zii. A hedi analemba makalata, yankho linali loti tidikire tsiku lina.

Phunzirolo linayamba ndithu, chifukwa linali pa ndandanda. Analipereka kwa madamu Caroline, mphunzitsi wa Chichewa, amene ananena poyera kuti sanakhalepo pa makina chibadwire. Ankajambula makina pabolodi kuchokera m'buku, ana makumi awiri ndi atatu n'kumakopera. Anzawo a sayansi ankawaseka pa buleki.

"Sheila, thalauza langa lang'ambika. Undisokere ndi choko."

"Bwera nalo, ndikusokere pamodzi ndi pakamwa pakopo," ankayankha Sheila, koma chitumbuwa ankakadyera payekha.

Mvula itafika pakati, a Timoteyo anaona madontho mkati mwa pulasitiki ija. Denga la chipindacho limathonya pakona. Anapita kwa a hedi, ndipo zomwe anakambirana anandiuza okha madzulo ake.

"Bwana, makina aja akutuluka thukuta."

"Thukuta lanji?"

"Pulasitiki ikusunga chinyontho. Akapanda kuona mafuta agwira dzimbiri. Ndiloleni ndingowapukuta, ndibwezeretsa mmene analili."

"A Timoteyo, mukufuna mlendo adzadule liboni pa zinthu zotsegula kale? Adzati tachotsamo zina. Mudzayankha ndinu?"

A hedi si munthu woipa. Kusukulu komwe anachokera kunasowa makatoni awiri a mabuku, ndipo anayenda miyezi yambiri akufunsidwa mafunso pa zinthu zomwe sanatenge. Kuyambira pamenepo amaopa chilichonse chomwe anasayinira. A Timoteyo anaika ndowa pansi pothonyapo, n'kupitiriza kusesa mozungulira makina Lachisanu lililonse, chaka chonse.

Temu yoyamba ya Fomu 4 ili mkati, a Keziya anafika pageti tsiku la msika, akuchokera pa Kamwendo, dengu lopanda kanthu pamutu. Anandipatsa moni, n'kukodola achimwene awo omwe ankatchetcha chapafupi.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndaswera, kaya inu amake Sheila?"

"Ndabwera kwa telala wathu uja. Ndili ndi chitenje chofunika kupinda."

A Timoteyo anayang'ana chikwakwa chawo.

"Kapena apinda ndi bolopeni? Pajatu makope atatu adzaza ndi makina ojambula. Amake Lonjezo, simugulako amodzi? Ngotsika mtengo, salira mafuta."

Ndinaseka pang'ono chifukwa cha manyazi, koma a Keziya sankaseka.

"Mlendo abwera," anatero a Timoteyo.

"Akuyenda pansi kuchokera ku Lilongwe? Ngakhale wokwawa bwenzi atafika. Mverani, achimwene. Mayi a ku Chipata aja atumanso mawu. Wantchito wawo akukwatiwa pa Pasaka, malo akhalapo. Ndadikira chaka ndi miyezi. Pa Pasaka ndibweranso. Ndikadzapeza zomwezi, musadzandiuze za umalume."

Anasenza dengu lawo n'kumapita. A Timoteyo anandifunsa ngati ndikadali ndi mapepala a simenti aja ndinatola pomwe ankamanga tchalitchi, omwe ndimakulungira zitumbuwa. Ndinati ndili nawo. Sindinafunse kuti ndi a chiyani.

Lachisanu lotsatira a hedi anapita ku boma kumsonkhano, monga amachitira kawirikawiri. Ana ataweruka, a Timoteyo anadula pulasitiki ya makina a pakona aja, omwe dzimbiri linali litayamba kale kuwadya. Anawatsuka ndi palafini, n'kuthira mafuta a makina omwe anagula pa Kamwendo, n'kukoleka lamba. Sheila anatsalira pamodzi ndi mnzake Favour, ndipo chitseko anachisiya chotsegula kuti pasakhale zonena. Ndili pageti ndikutsuka beseni, ndinamva kulira kwa makina, koyamba kokakamira, kenaka kosalala. Panali patatha zaka khumi ndi ziwiri mapazi a a Timoteyo asanaponde pamenepo.

Sanakhalepo nthawi yaitali. Ananyamuka n'kukhazikapo Sheila, singano atachotsa.

Favour ndi amene ankandiuza za m'katimo. Akuti Lachisanu lachiwiri Sheila anatopa nazo.

"Amalume, Pasaka akubwera, inu mukundipalasitsa mphepo."

"Gudumu labwerera kangati lero?"

"Kawiri kokha."

"Likabwerera pansalu limadula ulusi. Likabwerera pa diresi la mkwatibwi limadula dzina lako. Palasa."

Komabe nawonso ankawerenga masiku. Mwezi wopalasa anaufupikitsa kukhala Malachisanu awiri, ndipo anandiuza kuti mphunzitsi wawo uja akadakhala moyo akadawalavulira. Pofika mu Januwale atsikana awiriwo ankaboola mapepala anga mizere yowongoka. Kumayambiriro kwa Febuluwale anaikamo ulusi.

Sabata yomweyo msonkhano wa ku boma unalephereka, ndipo a hedi anabwerera masana. Ndinawaona akutsika pa kabaza. Ndikanatha kuthamanga kukachenjeza, koma ndinangokhala pa beseni langa. Anaima pakati pa bwalo akumvetsera, n'kulunjika ku chipinda cha kumapeto.

"A Timoteyo, wakulolezani ndani?"

"Palibe, bwana."

"Mukudziwa kuti mwandiika pamoto?"

"Ndikudziwa, bwana. Koma anawa atsala ndi miyezi isanu."

Akuti a hedi anatola pepala la simenti lomwe linali pa makinawo, n'kuliyang'ana cha kuwindo. Anafunsa kuti wasoka ndani, Sheila anati ndi iye. Anaipenyetsetsa misoko ija kwa kanthawi. Koma Lolemba a Timoteyo analandira kalata ya chenjezo, yonena kuti akadzabwerezanso ntchito yatha. Kiyi wa chipinda chija analandidwa. Makina otsegulidwawo sakanabwereranso m'pulasitiki yodulidwa, choncho a hedi analamula kuti akabisidwe m'kachipinda kosungiramo makasu ndi zikwakwa, kuti mlendo asadzawaone.

Masabata atatu a Timoteyo sankayankhula ndi munthu. Moni ankangoyankha ndi mutu.

Kumayambiriro kwa Malichi kunabwera galimoto popanda uthenga. Sanali mlendo uja. Anali bambo ndi mayi a ku bungwe lija, atanyamula mapepala, ndipo m'mbuyo mwawo munali lole. Analowa m'chipinda cha kumapeto, n'kutuluka mwamsanga. Zotsatirazo zinakambidwa pakhonde, ndipo ndinazimva ndekha.

"A hedi, makinawa akhala pano chaka ndi miyezi isanu, sanatsegulidwe n'komwe," anatero mayiwo. "Ndiye kuti simukuwafuna. Kuli sukulu ina cha ku boma, mphunzitsi wosoka alipo koma alibe makina."

"Timadikira mwambo, mayi. Tinauzidwa kuti tisakhudze."

"Mwambo wake uti?"

"Wopereka. Wa liboni."

Awiriwo anayang'anana. "Bwana amene ankakonda za maliboni uja anachoka chaka chatha," anatero bamboyo. "Panalibe wokuuzani?"

A hedi anayamba kufotokoza za makalata omwe analemba, koma mayiwo anali akuwerenga kale papepala lawo.

"Apa palembedwa asanu ndi atatu. Ife taona asanu ndi awiri."

Ndinaona a hedi akupukuta pamphumi. Anaitana a Timoteyo kuti atsegule kachipinda ka makasu. Mayiwo anasuzumira. Anaona makina opanda pulasitiki, lamba ali pamalo pake, ulusi wakuda uli chikolekere, tizidutswa ta pepala tili pansi pa singano. Anazunguza gudumu ndi dzanja, linayenda.

"Awa ndiye akugwira ntchito. Awa asiyeni. Enawo kwezani."

Wokweza anali a Timoteyo omwewo. Ananyamula amodziamodzi mosamala ngati tsiku lija anawatsitsa. Ana a kalasi yosoka anaima m'mawindo akuonerera. Atamaliza anauza dalaivala kuti akafika akauze eni ake atsuke kaye ndi palafini asanapalase. Dalaivala anangoti chabwino, maso ali pa foni.

Lole itapita, a hedi anabweza makina otsalawo m'chipinda cha kumapeto ndipo anati ana aziwagwiritsa ntchito pa nthawi ya phunziro, madamu Caroline ali pomwepo. Madamu anapempha kuti a Timoteyo azilowa kudzathandiza. A hedi anakana. Anati munthu wopanda mapepala a uphunzitsi sangaime kutsogolo kwa kalasi, makamaka amene ali ndi kalata ya chenjezo m'failo. Kalata ija sanaichotse, ngakhale makina omwe anatsala anatsala chifukwa cha mlandu womwewo.

Choncho Lachiwiri ndi Lachinayi, nthawi ya phunziro la kusoka, a Timoteyo ankapezeka akutchetcha pansi pa windo la chipinda cha kumapeto. Pasukulu yonse palibe pomwe udzu unafupika ngati pamenepo. Sankasuzumira. Ankangomva ndi khutu.

"Ulusi wathina pamwamba," ankatero, ngati akuyankhula ndi chikwakwa.

"Ana inu, ulusi wathina pamwamba," ankabwereza madamu mkatimo.

"Asakoke nsalu. Makina amakoka okha."

"Usakoke nsalu, iwe!"

A hedi ankadziwa, koma nthawi imeneyo ankapeza chochita mu ofesi. Madamu analemba ndandanda pakhoma: ana makumi awiri ndi atatu, makina amodzi, aliyense mphindi khumi pa sabata. Ngakhale zinali choncho, ana omwe ankagona m'kalasi anayamba kufika molawirira pa masiku awiriwo. Favour anasoka kasiketi ka mng'ono wake temu isanathe, n'kudzandionetsa pageti. Ndinkadzifunsa kuti zikanakhala bwanji akanayamba ndi makina asanu ndi atatu, chaka ndi theka m'mbuyomo.

Sabata yotsekera sukulu, Pasaka atayandikira, a Keziya anabweranso. Ulendo uno analibe nthabwala. Anaitanitsa achimwene awo ndi Sheila yemwe, ndipo onse anaima pafupi ndi beseni langa.

"Achimwene, sindinabwere kudzakangana. Ndifunsa funso limodzi, muyankhe pamaso pa amake Lonjezo. Pofika mayeso, mwanayu akhala telala?"

Sheila anawayang'ana amalume ake. Maso ake ankapempha. Kunena kuti inde kunali kosavuta, ndipo a Keziya sakanadziwa kusiyana kwake.

"Ayi," anatero a Timoteyo.

"Amalume!"

"Msoko akuwongola. Kupinda akutha. Koma kuyeza ndi kudula sanayambe, ndipo mphindi khumi pa sabata sizingamufikitse pamenepo. Nditati inde ndanama."

"Ndiye basi," anatero a Keziya.

"Si basi ayi. Alembe mayeso, yatsala miyezi itatu yokha. Akalemba ndikamupezera malo pa Kamwendo, anzanga alipo, akamalizitse. Amake Sheila, chibadwire sindinakulamulenipo kanthu. Lero ndikunena monga mwini mbumba. Mwanayu sapita."

A Keziya anatula dengu pansi. Anagwada pafumbi pomwepo n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu wonse.

"Ndamva, eni mbumba. Sinditsutsa. Mtedza chaka chino wapsa ndi dzuwa la mu Febuluwale, munda mwauona nokha. Anayi ali kunyumba aja akudya kamodzi patsiku. Ndiye mwana wanu ndi uyu. Mutengeni lero lomwe. Azikagona kwanu, azikadya kwanu, mpaka alembe."

A Timoteyo sanavomere kumutenga pomwepo. Tonse tinkadziwa chifukwa chake. Nyumba yomwe amagona anamanga ndi manja awo, koma ili pamalo a akazi awo. Munda ndi wa akuchikazi, nkhokwe nayonso. Mkamwini satenga mbumba yake kukaidyetsa m'nkhokwe ya eni popanda eniakewo kulola, ndipo kumeneko kunali kale ana amasiye atatu. Mawu pa mwanayo anali nawo, koma pomugoneka analibe.

"Ndikafunse kaye kwa alamu anga," anatero pomaliza.

"Kafunseni," anatero a Keziya, akusasa fumbi m'mawondo.

Apa ndiyenera kunena zoona. Kunyumba kwanga kunali malo, chifukwa mwana wanga wamkulu anali atakwatiwa ndipo mphasa yake inali chipindire. Ndinatsala pang'ono kunena kuti abwere kwanga. Koma ndinaganiza kuti ndi nkhani ya mbumba ya eni, sindinaitanidwemo. Ndinaganizanso zomwe anthu anganene akamva kuti mayi wamasiye akusunga mwana wa a Timoteyo, munthu wapabanja amene amaima pa beseni lake tsiku ndi tsiku. Ndinati ndinena mawa. Ndinaweramira zitumbuwa zanga n'kuyamba kuzisanja, ngakhale zinali zosanja kale.

Alamu awo a a Timoteyo sanakane. Anati nkhaniyo ndi yaikulu, adikire akolole kaye, kenaka abale akhale pansi akambirane. Mayi a ku Chipata aja sanadikire zokolola. Lachiwiri Pasaka atangotha, Sheila anakwera kabaza kupita pamsewu, n'kukwera minibasi ya ku boda. Ine ndinamva patapita masiku asanu, ndili ku tchalitchi.

Sukulu itatsegulidwa, a Timoteyo anapempha a hedi kuti dzina la Sheila lisachotsedwe m'kaundula, popeza linali litapita kale ku mayeso. A hedi anavomera msanga, ngati munthu amene wapeza kanthu kamodzi komwe angathe kulola. Loweruka lililonse a Timoteyo ankapalasa njinga mpaka pa Kamwendo kukapereka uthenga kwa amayi a geni omwe amawoloka boda, kuti akauze mwanayo tsiku loyamba mayeso, ndi kuti abwere ngakhale kwa masabata atatu okha. Nambala ya foni ya mayi a ku Chipata aja anaipeza. Anayimba kangapo, inayankhidwa kamodzi. Anauzidwa kuti Sheila ali bwino, akuchapa, sangabwere pa foni.

Lachiwiri ndi Lachinayi anapitiriza kutchetcha pansi pa windo. Mphindi khumi za Sheila anzake ankalimbirana, mpaka madamu anazipereka kwa Favour.

Dzulo lake la mayeso, a Timoteyo anasanja madesiki mu holo n'kumata manambala. Desiki ya Sheila anaipukuta n'kuiika kapepala pansi pa mwendo kuti isagwedere. M'mawa mwake anafika dzuwa lisanatuluke bwino, atavala malaya oyera m'malo mwa ovolosi. Masiku a mayeso ogulitsa sitiloledwa pafupi, choncho ndinakhala kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango. Ana analowa, akusechedwa mmodzimmodzi. A Timoteyo anaima pageti, dzanja lili pachitsulo, maso ali kunjira yochokera pa Kamwendo. Kabaza aliyense akatulukira pa kona ankatalikitsa khosi. Woyamba ananyamula thumba la chimanga. Wachiwiri ananyamula mayi wa mwana kumsana.

Woyang'anira mayeso anatuluka pakhonde. "Abambo, tsekani geti."

"Bwana, watsala mmodzi. Akuchokera kutali."

Munthuyo anayang'ana wotchi yake. "Mphindi zisanu."

Zinatha. Panjira panadutsa ngolo ya ng'ombe ndi mtsikana wosenza nkhuni.

"Abambo."

A Timoteyo anakoka geti, iwo ali kunja. Analowetsa dzanja pakati pa zitsulo n'kutseka loko. Kenaka anakhala pa njerwa m'mbali mwa msewu, kiyi ali m'manja, ndipo sanachokepo mpaka ana anatuluka masana.